Ng'oma ya kuphazi pa zimkuzamawu: besi imathawira kuti?

Funso: Ndimakhala ku Luchenza ndipo ndimaimba ndekha ndi gitala m'maukwati, m'zinkhoswe ndi pa misonkhano ya mpingo. Kalipentala wina anandikhomera kabokosi ka matabwa koponda ndi phazi kuti kazindigundira ngati ng'oma yaikulu, mkati mwake tinamatamo ka piezo. Pa ampu yanga ya gitala kunyumba kamamveka bwino ndithu. Koma ndikakalumikiza ku mikisa ya eni zimkuzamawu kamangoti ko! ko! ko! besi osamveka. Akati akweze LOW, masipika amayamba kulirima mpaka amandithimitsa. Vuto ndi kabokosika, mikisa kapena masipika? Ndigule chiyani?

Yankho: Achimwene, ndalama zanu zikhale kaye m'thumba. Zimene mwafotokozazi ndi mavuto awiri osiyana, ndipo batani la LOW silingathetse ngakhale limodzi. Vuto loyamba n'lakuti besi ikutayika pakhomo penipeni pa mikisa, isanafike n'komwe pa batanilo. Lachiwiri n'lakuti kabokosi kanuko sikamva phazi lanu lokha, kamamvanso pansi pamene mwakakhazika, ndipo pansipo pamanjenjemera ndi masipika. Mwanena nokha kuti pa ampu ya gitala kamamveka bwino, ndiye kalipentala wanu alibe mlandu.

Ka piezo ndi kachitsulo kopyapyala kozungulira, kokhala ndi kachigamba koyera pakati. Kakapindika pang'ono kamatulutsa magetsi, koma kalibe mphamvu yokankhira magetsiwo pa khomo lililonse. Kamafuna khomo la impedance yaikulu, kutanthauza khomo losakoka magetsi ambiri. Impedance imayezedwa mu ma ohm. Khomo la ampu ya gitala nthawi zambiri limakhala la 1 megaohm. Khomo la LINE pa mikisa limakhala pafupifupi 10 kilo-ohm, ndipo la maiki, la mabowo atatu lija, limangokhala cha m'ma 2 kilo-ohm. Ka piezo ka mamilimita 27, kamene ambiri amachotsa m'zipangizo zakale, kamakhala ndi capacitance (muyezo wa kusunga magetsi) ya pafupifupi 20 nF. Mukawerengetsa, pa 1 megaohm mawu amayamba kudulidwa pansi pa 8 Hz (nambala ya Hz ikachepa ndiye kuti mawu ndi akuya, ikakwera ndi oonda), kumene khutu silimvako n'kale. Pa 10 kilo-ohm amayamba kudulidwa pansi pa 800 Hz. Pa khomo la maiki, pansi pa 4,000 Hz. Tsono kugunda kumene mukukufunako, kuja kumveka pachifuwa, kumakhala pakati pa 60 ndi 100 Hz. Pa khomo la LINE, mawu a 80 Hz amafika atatsika ndi 20 dB (dB ndi muyezo wa kukwera kapena kutsika kwa mphamvu ya mawu), pamene batani la LOW pa mamikisa ang'onoang'ono ambiri limangokweza ndi 15 dB mukalipotokola mpaka kumapeto. Kukweza LOW pamenepo n'kukama ng'ombe youma. Chimene chimakwera ndi kung'ung'uza kwa magetsi ndi kunjenjemera kwa siteji, kugunda kwanu ayi.

Yambani mwayang'ana pa mikisayo. Mamikisa ena ali ndi tchanelo imodzi kapena ziwiri zokhala ndi kabatani kolembedwa Hi-Z kapena INST, pena pamangojambulidwa kagitala. Lowetsani pamenepo, dinani kabataniko, vuto loyamba latha osalipira kanthu. Ngati palibe, chofunika ndi DI box (kachipangizo kolandira mawu a chida n'kuwatumiza ku khomo la maiki la mikisa) ya mtundu wa active, imene imayendera batire la 9V kapena magetsi a 48V ochokera ku mikisa. Pogula ku Limbe kapena ku Blantyre musangomva zakuti "ndi DI," werengani pa pepala lake kuti khomo lake ndi la 1 megaohm kapena kuposa. Ya passive, yopanda batire, imathandiza pa kiyibodi, koma pa piezo imadyako besi chifukwa khomo lake silifika pamenepo. Ngati muli ndi pedulo ya gitala ya Boss, kaya ya tuner, ikani pakati pa kabokosi ndi mikisa: khomo lake ndi la 1 megaohm ndipo imalimbitsa mawu ngakhale musanaiponde, bola ikhale ndi batire. Chingwe cha jack chochokera ku kabokosi chikhale chachifupi, mamita 3, chisapitirire 5. Mtunda wotsalawo uyende pa chingwe cha XLR (cha maiki, cha mapini atatu) kuchokera ku DI, chimene chingatalike mamita 30 kapena 50 osatola phokoso.

Palinso njira ya wokonza mawailesi wa pa msika, ndipo ndi yabwino kuposa mmene imaonekera. Apeze capacitor ya 220 nF, imene pathupi pake pamalembedwa 224, aiwotcherere pakati pa mawaya awiri a piezo, mkati mwa kabokosi momwemo. Capacitance yonse imakwera kufika pa 240 nF, ndipo pa khomo la LINE kudula kuja kumatsika kuchoka pa 800 Hz kufika cha m'ma 66 Hz. Mawu amachepa mphamvu ndi pafupifupi 20 dB, koma ka piezo kopondedwa ndi phazi kamatulutsa magetsi ambiri kale, moti kuchepako kumathandizanso kuti mikisa isadzaze. Akasowa 224 aike ya 104, imene ndi 100 nF. Imeneyo imafikitsa kudulako cha m'ma 130 Hz, si kwenikweni koma kusiyana mudzakumva.

Komabe ndikuuzeni maganizo anga: pa chida chopondedwa, piezo si chosankha choyamba. Chibadwa chake n'kutola kukhudza kouma kwa nsapato pa thabwa. Ngati mukufuna du! du! weniweni, ikani sipika yakale mkati mwa bokosi kuti igwire ntchito ya maiki. Sipika ya mainchesi 5 kapena 6.5, ya m'galimoto kapena ya wailesi yakufa, bola pepala lake lisakhale long'ambika ndipo likakankhidwa ndi zala liziyenda osakhula. Imangeni ndi masikuluwu kunsi kwa thabwa lopondapo, musiye mpata woti pepala lizigwedezeka. Mukaponda, chitsulo cha sipika chimatsika ndi thabwa, pepala limatsalira m'mbuyo pang'ono, ndipo koyilo ikamayenda mu maginito imatulutsa magetsi. Popeza pepalalo n'lolemera silitsatira mawu oonda, limangotola akuya. Mukamata kawashala kachitsulo pakati pa pepalalo, mawu amazamanso. Waya wa + upite pa pini 2 ya XLR, wa − pa pini 3, pini 1 ikhale ya ukonde wa chingwe basi. Sipika ndi ya 4 kapena 8 ohm, choncho DI siifunika. Koma imatulutsa mphamvu yambiri, ndiye dinani PAD (kabatani kochepetsa mphamvu ya mawu olowa) pa tchanelo, kapena mulowetse pa LINE.

Mukasankha kukhala ndi piezo yomweyo, musaimate pansi penipeni pa malo opondapo. Isuntheni masentimita 5 mpaka 8 kumbali, ndipo pakati pa iyo ndi thabwa muikepo kachidutswa ka chubu cha njinga kapena tepi yokhuthala yomata mbali zonse. Pamwamba pake kanikizani kasiponji. Pamene mawaya awotchereredwa pa kachigamba koyera ndi pamene pamathothoka msanga, ndiye thirani guluu ndipo wayayo mumumange ku khoma la bokosi kuti asamakokeke.

Za bokosi lenilenilo zisakudetseni nkhawa kwambiri. Bokosi la masentimita 30 m'litali, 25 m'lifupi ndi 6 kapena 7 msinkhu silingatulutse besi palokha ngakhale litakhomedwa ndi mtengo wanji, pakuti funde la 80 Hz ndi lotalika mamita oposa 4. Besi imapangidwa ndi masipika, bokosi limangowauza nthawi yogundira. Thabwa lapamwamba likhale pulayi ya mamilimita 9 mpaka 12, m'mbali paini kapena bulugamu wa mamilimita 20, zomatidwa ndi guluu ndi masikuluwu, osati misomali yokha, chifukwa msomali ukakhwepa umalira ndipo piezo imautola. Wina akakuuzani kuti mkungudza wa m'phiri la Mulanje ndiwo umalira bwino, musamumvere. Mtengowo ndi wotetezedwa, watsala pang'ono kutheratu, ndipo pa kabokosi kotere palibe chimene ungawonjezere. Mkati muikemo nsanza kapena siponji theka kuti musamamveke phanga. Kutsogolo kukhale kotsika pang'ono kuti bondo lisatope.

Nsapato imasintha mawu kuposa mabatani a mikisa. Ya pansi pa labala yofewa imapereka kugunda konenepa. Ya chikopa cholimba, ija ya ku tchalitchi, imapereka ko! ko! amene mukudandaula nayeyo. Patapata amawonjezera phwa! wake wachiwiri akamamenya chidendene. Sankhani nsapato imodzi, muziyesera nayo ndipo muziimba nayo. Mukakhala pa mpando gundani ndi chidendene, monga amachitira anyamata oimba magitala opanga okha ndi babatoni, chifukwa chidendene chimatsika ndi kulemera kwa mwendo wonse. Mukaimirira, chidendene chikhale pansi, zala ndizo zigunde.

Tsopano kulirima kuja. Sipika ikagunda imagwedeza pansi ndi mpweya, pansi pamagwedeza kabokosi, kabokosi kamatumiza kugwedezekako ku mikisa, mikisa ku sipika, n'kumangozungulira mpaka kukhala huuu wosalekeza. Anthu anazolowera tswii wa maiki, ndiye uyu wa pansiyu samuzindikira kuti ndi matenda omwewo. Malo oipitsitsa ndi siteji ya matabwa yopanda kanthu kunsi, monga zija amakhoma pa migolo kapena pa mapaleti pa misonkhano ya panja, makamaka masipika akakhazikidwa pa siteji pomwepo. Pansi pa simenti, monga m'matchalitchi ambiri ndi m'maholo a sukulu, vutoli limachepa kwambiri.

Dulani njira ya kugwedezekako. Kunsi kwa bokosi matani timiyendo tinayi ta labala ya thayala, ndipo muziyenda ndi kachidutswa ka kapeti kapena mphasa ya labala ya m'galimoto. Pa siteji ya matabwa yalani siponji yolimba ya masentimita 2 kapena 3, pamwamba pake thabwa lolemera kapena silabu ya simenti, kenako bokosi. Kulemera pamwamba pa chofewa ndiko kumadula kunjenjemera. Siponji yokha, yofewa ngati ya matiresi, imangochititsa bokosi kuvinavina pansi pa phazi. Fufuzani pamene pali mtanda kunsi kwa siteji, pogogoda pamamveka pouma, mukhale pamenepo, osati pakati pa matabwa olendewera. Masipika a besi atsike pa siteji, akhale pansi, kutsogolo kwanu, osachepera mamita 2 kapena 3. Pa udzu kapena pa dothi lonyowa, monga zimakhalira m'matenti a ukwati nthawi ya dzinja, vuto limatembenuka: palibe kulirima koma bokosi limamira ndipo kugunda kumafa. Thabwa lolemera lija liyaleni pansi.

Kukayamba kulirima musathamangire kutsitsa zonse. Thimitsani tchanelo imodziimodzi mpaka kuleke. Nthawi zambiri mudzapeza kuti wolakwa si kabokosi koma gitala, pakuti bokosi la gitala limalira lokha cha m'ma 100 Hz, kapena maiki yoimbira imene ikutola kugunda kudzera mu sitandi yake. Pa tchanelo ya maiki ndi ya gitala dinani LOW CUT, kabatani kolembedwa 75, 80 kapena 100 Hz. Pa tchanelo ya kabokosi kabatanika kakhale kosadina. Apa ndi pamene ambiri amagwa: woyendetsa zimkuzamawu anazolowera kudina LOW CUT pa matchanelo onse chifukwa cha mamaiki a MC, ndipo amaiwala kuti wakudulirani ndendende mawu amene mwabwera nawo. Yang'anani ndi maso anu. Sitandi ya maiki isagundane ndi bokosi kapena thabwa lake, ndipo miyendo yake ikhale pa kapeti.

Pali kabatani kena kolembedwa Ø pa ma DI ena ndi pa mamikisa akuluakulu, kotembenuza polarity, kutanthauza kusinthanitsa + ndi −. Yesani mbali zonse ziwiri muli chigundire. Mbali ina besi imanenepa ndipo kulirima kumachedwa kuyamba, mbali ina imaonda. Palibe mbali yolondola kulikonse, zimatengera malo. Ngati mwaika sipika mkati mwa bokosi ndipo kabatanika palibe, kusinthanitsa mawaya awiri aja ndi chimodzimodzi.

Potchera GAIN, batani lokwezera mawu olowa pa tchanelo, dinani PFL (kabatani koonetsa mphamvu ya tchanelo imeneyo yokha pa timagetsi ta mikisa), gundani mwamphamvu monga mudzagundire nthawi ya perekaniperekani anthu atatenthedwa, osati mwaulemu monga mumachitira poyesa. Kwezani GAIN mpaka kagetsi ka PEAK kaziphethira pa kugunda kwamphamvu kokhakokha, kenako bwezani pang'ono. Kugunda ndi mawu achidule kwambiri, timagetsi ta mikisa timachedwa kuwaonetsa, ndiye mukaona tofiira tayaka dziwani kuti mawu aphwanyika kale. Mukamva pha! wothetheka ngakhale GAIN ili pansi, ndi DI imene yadzaza, dinani PAD yake ya 20 dB.

EQ, mabatani okonzera kamvekedwe ka mawu, muichite modula, osati mokweza. Mamikisa ang'onoang'ono ambiri ali ndi mabatani atatu: LOW pa 80 kapena 100 Hz, MID cha pa 2.5 kHz, HIGH pa 10 kapena 12 kHz. Tsitsani HIGH kwambiri, pakuti kumeneko kuli kukhula kwa nsapato ndi mchenga basi. Tsitsani MID theka. LOW mukweze pang'ono, 3 dB, isapitirire 6. Kenako kwezani fader, chokwezera mawu a tchanelo yonse. Kudula pamwamba n'kukweza tchanelo yonse kumapereka besi yoyera kuposa kupotokola LOW. Ngati MID ili ndi batani lachiwiri losankhira malo, likwezeni kaye, muyendeyende pakati pa 250 ndi 500 Hz mpaka mutapeza pamene pakumveka ngati katoni, pamenepo dulani ndi 6 dB. Koma MID musaiphe yonse. Kakugogoda kochepa ka pakati pa 2 ndi 4 kHz ndiko kamathandiza anthu a kumbuyo kumva nthawi ya nyimbo, ndipo mu vidiyo yojambulidwa pa foni ndi kokhako kamene kamatsala.

Chifukwa chake ndikuumirira pa 6 dB ndi ichi: 3 dB iliyonse imafuna mphamvu ya ampu kuwirikiza kawiri. 6 dB ndi kanayi, 10 dB ndi kakhumi, 15 dB ndi koposa ka 30. Ampu imene imagwira bwino ndi mawati 20 pa kugunda kulikonse, mukapotokola LOW mpaka kumapeto mukuipempha mawati oposa 600. Ikalephera imaphwanya mawu, ndipo mawu ophwanyikawo ndi amene amawotcha ma tweeter, timasipika ta mawu oonda. Eni zimkuzamawu akamakuthimitsani si nkhanza, akuteteza katundu wawo.

Echo ndi reverb pa tchanelo imeneyi zikhale pa ziro. Kwathu kuno timaikonda echo pa maiki, koma pa ng'oma ya besi imabereka kugunda kwachiwiri kumene kumasokoneza ovina ndi inu nomwe. PAN, batani lotumiza mawu kumanzere kapena kumanja, ikhale pakati. Ngati pali compressor, chipangizo chobweza mawu akakwera kwambiri, ikani 4:1, attack ya 20 kapena 30 ms kuti mutu wa kugunda udutse, release ya pafupifupi 100 ms, ndipo isatsitse kuposa 3 mpaka 6 dB. Pa mamikisa a Yamaha MG pali batani limodzi la COMP, lipotokoleni kotala chabe. Dziwani kuti compressor yambiri imakweza phokoso la pakati pa kugunda ndipo imaitana kulirima. Gate ndi yothandiza kwambiri pa chida chimenechi chifukwa imatseka tchanelo pamene simukuponda, koma muitchere pa kugunda kwanu kofewa kuti isakudyereni nyimbo zodekha. Pa mikisa ya digito dulaninso zonse za pansi pa 40 Hz. Masipika ambiri safikako, pepala limangovina kutaya mphamvu.

Masipika nawo ali ndi malire awo. Ya mainchesi 8 kapena 10 yokwezedwa pa mtengo siitsika kwenikweni pansi pa 70 Hz. Ya mainchesi 12 imayesako, ya 15 imakwanira holo yapakati. Kugunda kofika pachifuwa panja, pa bwalo la mpira kapena pa tenti, kumafuna subwoofer (sipika ya besi yokhayokha) ya mainchesi 15 kapena 18, crossover yake (malire a mawu amene imalandira) ili pakati pa 80 ndi 120 Hz. Mukapeza masipika ang'onoang'ono okhaokha, musalimbane ndi 60 Hz. Lolani kugunda kukhale cha m'ma 100 mpaka 120 Hz, khutu la munthu limadzazira lokha zotsalazo. Kukhazika sipika pansi pafupi ndi khoma kumawonjezera besi, pa ngodya kumawonjezeranso, koma mu holo ya simenti ya denga la malata lopanda siling'i, ngodya imabweretsa chimkokomo choti mawu a nyimbo samveka. Masipika a besi akakhala awiri, aphatikizeni pamodzi m'malo mowayika uku ndi uku. Akatalikirana amalimbana, pena besi yambiri, pena palibiretu.

Masipika a batire okoka ngati sutikesi aja ndi nkhani ina. Ampu yake ndi yaing'ono ndipo ili ndi limiter yotsitsa mawu akapyola malire, ndiye mukagunda mwamphamvu mawu anu oimba amamira pa kugunda kulikonse. Pa amenewo gundani mofatsa, echo ya pa khomo la maiki muithimitse, ndipo musayese kutumiza kabokosi pa Bluetooth, kumene mawu amachedwa kuposa 100 ms.

Inu mwini mumve bwanji? Mawu amayenda mamita 343 pa sekondi. Mu holo yotalika mamita 20, kugunda kumapita ku khoma lakumbuyo n'kubwerera kwa inu patatha pafupifupi 120 ms. Mukayamba kutsatira kobwerako, nyimbo imanka nichedwa osadziwa. Pemphani pang'ono chabe mu monita, sipika yoyang'ana kwa inu woimba, ndipo monitayo isakhudze thabwa limene pali bokosi. Mukakhala ndi EQ ya monita, dulani besi m'menemo, musiye kugogoda. Besi mudzaimva yokha kuchokera ku masipika akuluakulu, popeza mawu akuya amafalikira mbali zonse, ndi kumbuyo komwe.

Gitala ndi kabokosi zimakanganirana malo amodzi. Waya wonenepa wa gitala, E, amalira pa 82 Hz, wotsatira wake A pa 110 Hz. Ngati mumaimba besi ndi chala chachikulu, chala ndi phazi zikugwera pamodzi. LOW CUT ya pa gitala ija ndi kutsitsako LOW yake ndi 3 dB zimasiyira phazi malo, ndipo gitala imamveka bwino kuposa kale. Tsiku limene pali woimba besi gitala kapena wa kiyibodi wa dzanja lamanzere lolemera, gwirizanani: iye atenge kuya, inu mutenge kugunda. Ndipo pa nyimbo zodekha za mapemphero phazi lizipumako, chifukwa kugunda kosalekeza kuyambira nyimbo yoyamba mpaka yomaliza khutu limasiya kukumva.

Magetsi athu ndi a 230 V pa 50 Hz, ndiye kung'ung'uza kwake kumakhala pa 50 Hz ndi 100 Hz, pomwe pali besi yanu. Simungakudule ndi EQ osadula kugunda. Mukakumva, dinani GROUND LIFT pa DI, ndipo mikisa, ampu ndi zonse za pa siteji zidye pa soketi imodzi. Chingwe cha jack chisagone limodzi ndi cha magetsi, ndipo zikamadutsana zipingasane. Tchaja ya foni ndi ya laputopu zotchipa zimalowetsa phokoso, zichotseni muone. Chimene simuyenera kuchita ndi kudula kapena kumasula waya wa earth pa pulagi. Phokoso limathadi, koma tsiku la mvula munthu wogwira mawaya a gitala, milomo ili pa maiki, mapazi pa dothi lonyowa, ndiye amasanduka earth.

Magetsi a ESCOM akathima n'kuyatsa jenereta, besi ndiyo imayamba kuvutika, chifukwa kugunda kulikonse kumakoka mphamvu yambiri mwadzidzidzi. Mukaona mababu akuphethira motsatira phazi lanu, jenereta yachepa kapena chingwe chake n'choonda. Jenereta ikhale ya mphamvu yowirikiza kawiri zimene zida zonse zimadya, yokhala ndi AVR (chokhazikitsa magetsi kuti asamakwere n'kutsika), ndipo firiji ya zakumwa ndi ketulo zisadye nawo. Chingwe chotalika chikhale cha 2.5 mm², chotambasulidwa chonse, osati chokulungidwa. Jenereta iyambe yalira n'kukhazikika, mikisa iyake, ampu pomaliza. Pothimitsa, ampu iyambe.

Mwina tsiku lina mudzafuna ng'oma yeniyeni ya chikopa yomenya ndi pedulo kapena chidendene. Pamenepo piezo ichoke, pabwere maiki ya dynamic. Zopangidwira ntchitoyi ndi monga Shure Beta 52A ndi AKG D112, koma SM58 imene imapezeka paliponse imagwira, popeza imatsika mpaka 50 Hz. Ilowetseni kukamwa kotsegula kwa ng'oma masentimita 5 mpaka 10, yoloza pambali pang'ono pa pamene chomenyera chimagunda, ndipo isagone pa thupi la ng'oma. Kansalu kopinda kokhudza chikopa mkati kamafupikitsa kulira. Chomenyera cha mtengo muchikulunge ndi chubu kapena nsalu. Ng'oma imathawa ikamamenyedwa, ndiye ikhale pa kapeti imodzi ndi mpando wanu, kutsogolo kwake mwala kapena njerwa.

Chikopa chimamwa chinyezi, ndipo ku Thyolo ndi ku Mulanje chinyezi sichisowa, kaya ndi mvula ya dzinja kaya chiperoni cha mwezi wa June ndi July. Ng'oma imene inalira bwino masana imafika madzulo italefuka, ikungoti bwe. Oimba ng'oma za tchopa amadziwa mankhwala ake, kuiwamba pamoto, ndipo palibe batani la mikisa limene lingalowe m'malo mwa zimenezo. Chotsani maiki, kaiwambeni kutali ndi zingwe, muziyesa ndi chala mpaka italira, kenako muyang'anenso GAIN chifukwa chikopa chokungika chimatulutsa mawu okwera. Phula la pakati pa chikopa limazamitsa mawu, ndipo pa ng'oma ya kuphazi likhale pambali pa malo omenyapo kuti lisamatirire chomenyera. Kabokosi ka matabwa nakonso kamadana ndi chinyezi: pulayi imafufuma, jack imachita dzimbiri n'kumathetheka. Kapakeni vanishi, kasungeni m'chikwama, ndipo jack muziipukuta ndi kansalu ka sipiriti.

Pofika pa malo, fikani msanga ndipo woyendetsa zimkuzamawu mumuuze zinthu zinayi musanalumikize: kuti ichi ndi ng'oma ya besi, LOW CUT isadinidwe, echo ikhale pa ziro, ndipo 48V iyake pokhapokha ngati DI yanu ikuifuna. Mamikisa ang'onoang'ono ambiri amayatsa 48V pa matchanelo onse nthawi imodzi, choncho chingwe cha jack mbali ina XLR mbali ina musachilowetse pa khomo la maiki. Yesani kabokosi kokha, kenako ndi gitala, kenako ndi mawu, ndipo wina agunde m'malo mwanu inu mukaime pakati pa holo ndi kumbuyo. Mverani malata, mawindo a magalasi ndi zitseko za chitsulo. Zikamanjenjemera, tsekani zimene zingatsekeke ndipo mutsitse 63 kapena 80 Hz pa graphic EQ ndi 3 dB. Anthu akadzaza, matupi ndi zovala zimamwa mawu oonda kuposa akuya, ndiye besi imene inali yokwanira mu holo yopanda anthu imatha kuphimba mawu a nyimbo. Muyezo wake ndi woti munthu wa pa benchi yomaliza amve liwu lililonse limene mukuimba, kugunda kukhale kunsi kwake.

Pa funso lanu loti mugule chiyani: capacitor ya 224 ndi kachidutswa ka kapeti muyambe nazo sabata ino. Zikapanda kukukwanirani, sipika yakale ya mainchesi 6.5 ndi soketi ya XLR. DI ya active mugule pamene ndalama zapezeka, pakuti idzagwiranso ntchito pa gitala, ndipo m'chikwama muzisunga batire la 9V lapadera ndi chingwe chachiwiri cha jack.